Chingwe cha Abale a Pansi

Sendezani chipikacho kuno, utsi ukupita kwa inu. Uvuni uwu sitiusiya njerwa zisanafiire, ndiye tili pano mpaka kucha. Mwakhala mukundifunsa kuti chingwe ndimapota usiku uliwonsechi n'cha ntchito yanji, popeza mbuzi ndilibe. Lero ndikuuzani. Amene atope agone, ine ndinazolowera kulankhula ndekha.

Bambo anga anali a Yotamu Kachigamba. Ena mwa inu munawaona atatha kale, akutsokomola pakhonde kwathu ku Linthipe. Anapita ku Joni ali mnyamata, anakumba m'migodi mpaka imvi, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosapola komanso ubale wina umene sankaukamba pagulu. Mayi anawatenga chitengwa, kotero ine, Lakiyoni, ndinabadwira m'mudzi wa eni. Mayi atamwalira tinatsala awiri m'nyumbamo. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, chifukwa wina ankayenera kulima pamene mwini munda akulavula magazi.

Ubalewo unkatchedwa Abale a Pansi. Si gule, musasokoneze. Unayambira kumigodi komweko, bambo asanabadwe. Akuti mgodi wina unagumuka anthu a kwathu kuno ali mkati. Amene anali kunja ankamva anzawo akugogoda pa mapaipi a madzi. Eni mgodi anati kukumba n'koopsa, ndipo anatseka njirayo ndi simenti. Simenti inauma, kugogoda kukumvekabe. Pakati pa omvetserawo panali Eliyakimu, mphunzitsi amene anachotsedwa ku mishoni chifukwa cha mitala. Iyeyo anasonkhanitsa anzake mu komboni, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo analumbira kuti munthu wathu sadzasiyidwanso pansi popanda womuitana.

Anaika makwerero atatu, ndipo khwerero lililonse linali ndi nkhani yake ya m'Baibulo. Loyamba ndi Mwala. Wolowa kumene amapatsidwa kamwala kochokera pansi pa mgodi, n'kuphunzitsidwa kugogoda ndi kumvetsera. Nkhani yake ndi ya Yosefe ali m'dzenje, abale ake akudya pamwamba. Asilamu ankati Yusufu, koma dzenje linali lomwelo. Khwerero lachiwiri ndi Chingwe. Kuti ukhale wachingwe, abale amakutsitsira m'dzenje lakuya, n'kukusiya mumdima kanthawi, kenako n'kukukoka. Nkhani yake ndi ya Yeremiya m'chitsime cha thope, pamene kapolo wa mfumu anayamba wamuponyera nsanza zoika m'khwapa kuti chingwe chisamucheke. Bambo ankaikonda nkhani imeneyo kuposa zonse. Ankati kukoka munthu aliyense angathe, koma m'bale ndi amene wakumbuka nsanza.

Lachitatu ndi Nyali. Za limeneli sanandiuze. Ndinkangodziwa kuti iwo anali anyali, ndipo kuseri kwa chitseko ankapachika kanyali kamkuwa kachikale, kamene akuti kanali ka Eliyakimu mwini wake. Sindinakaonepo katayaka.

Mwambo wawo waukulu unali wa pamaliro, ndipo unali waung'ono zedi. M'bale akafa, chingwe chake chimene anapota yekha chimagonekedwa pa bokosi, nsonga ina n'kutsala kunja kwa dothi. Usiku woyamba m'bale wamoyo amakhala pamandapo atagwira nsongayo, amathira kaufa pansi monga ankachitira makolo, amapemphera, kenako amatchula dzina la wakufayo n'kumuuza kuti aweruke, monga kapitawo amauzira anthu ntchito ikatha. Kukacha amasolola chingwe. Basi. Palibe magazi, palibe kuvina. Komabe mpingo wathu sunafune kumva za ufa wothira pansi, kapena za Mkhristu wopemphera limodzi ndi Msilamu.

Ndili mwana, abalewo ankabwera kwathu tikatha kukolola. Ankakhala kuseri kwa nkhokwe, akutsokomola mosinthana ngati akuyankhana. Amene ndimamukumbukira bwino ndi a Sumani a ku Mangochi, a chisoti choyera, amene ankandibweretsera usipa m'thumba la malaya. Anayamba kutha mmodzimmodzi, ndipo aliyense akafa bambo ankanyamuka kukamugwirira chingwe. Kwa a Sumani anapita akudwala kale, anabwerako manja atatupa. Pamenepo anatsala okha.

Chaka chawo chomaliza anandiitanira kuseri kwa nkhokwe kuja, n'kundipatsa kamwala. Anandiphunzitsa kugogoda kawiri mofulumira, kenako kamodzi, kutanthauza kuti ndilipo, mukundimva? Anati ukamva kugogoda kosalekeza, ngati matalala padenga la malata, dziwa kuti pansipo si munthu mmodzi. Ndinafunsa za Chingwe.

"Ndikutsitse ndi manja ati?" anatero, akundionetsa mikono yawo yonga mapesi. "Chikapola chifuwachi."

Podutsa anandigunda pakhosi kumbuyo ndi zala ziwiri, monga ankachitira kuyambira ndili wamng'ono. Chifuwa sichinapole. Anamwalira mvula itangoyamba.

Mwini maliro anali Dafuleni, mwana wa mlongo wawo, msuweni wanga, mkulu wa mpingo. Pamene bambo ankadwala anabwerapo kamodzi ndi buledi wa dzulo. Tsiku la maliro anabwera ndi suti. M'mawa, tisananyamule bokosi, ndinapita kwa iye pamoto wa amuna, chingwe cha bambo ndi kanyali kaja zili m'manja.

"Asuweni, pali chimene bambo anandisiyira. Chingwe ichi chigone pa bokosi, nsonga itsale kunja. Mawa ndidzachichotsa ndekha."

Anayang'ana nsanza zimene bambo anakulunga kunsonga kwake. "Malume anga anabatizidwa, Lakiyoni. Sindiwaika ndi zithumwa."

"Si chithumwa. Ndi nkhani ya Yeremiya iyi. Inu mumawerenga, mukuidziwa."

"Undiphunzitse Baibulo iwe, wa sitandade faifi?"

Mdzukulu wina, atatsamira khasu lake, anati, "Bwanji tingowaikira foni a Kachigamba, akafika atiimbire?" Anthu anaseka. Adzukulu sindiwada, kuseka pamaliro ndi ntchito yawo. Ndimada amene anaseka atavala mataye.

"Ndi bambo anga," ndinatero.

"Ndi malume anga. Iwe pano ndiwe mwana chabe."

Anandilanda zonse ziwiri. Chingwe anachiponya pamoto. Khonje sachedwa kupsa, koma nsanza zija zinafuka nthawi yaitali, ndipo amuna onse anali pamenepo, anthu amene bambo anawakonzera njinga ndi kuwabwereka makasu, anangosendera kumbuyo kuthawa utsi. Kumanda, bokosi litatsika, Dafuleni anatulutsa kanyali kaja m'thumba la jekete n'kukaponya m'dzenje. Kanalira pa thabwa.

"Zipite ndi mwini wake," anatero, n'kuyambitsa nyimbo.

Bambo anagwirira chingwe anthu onse aja, ndipo iwo anaikidwa wopanda chingwe.

Patapita masiku, mbuzi za anaJere oyandikana nafe zinapezeka zikudya chimanga cha eni. Chingwe chake sichinaduke. Chinamasulidwa pakhosi ndi pachikhomo pomwe, ndipo chinasowa. AnaJere anatukwana ana, nkhani n'kutha. Kenako akazi atalawirira kuchitsime anapeza ndowa itaikidwa bwinobwino pambali, yozondoka kuti musalowe dothi, chingwe palibe. Kwa aphunzitsi kunasowa chingwe choyanikira zovala, ndipo zovalazo anazipeza pakhonde zitapindidwa. Wakuba uti amapinda malaya a munthu? Anthu anayamba kulankhula motsitsa mawu. Ndikafika pachigayo nkhani inkaduka, aliyense n'kumayang'ana thumba lake.

Ine ndinali ndi zanga. M'nyumba muja munali zii. Ndinali nditazolowera kugona ndi chifuwa cha bambo kuseri kwa khoma, ndipo tsopano tulo sitinkabwera chifukwa palibe amene ankatsokomola. Usiku wina ndinamva kakugogoda pansi pa mphasa. Ndinati ndi chiswe. Ndinasuntha mphasa, nako kanasuntha. Ndinagona chafufumimba, khutu padothi. Kawiri mofulumira, kenako kamodzi. Kunkachokera kutali, kutali kuposa m'mene munthu angakumbire ndi khasu.

Ndinatenga kamwala kanga n'kuyankha pansi. Ndinadikira mpaka ndinayamba kudziseka. Kenako kunayamba ngati matalala.

Mawa lake madzulo ndinkachokera kumsika, mvula itagwa tsiku lonse, thope lofika m'akakolo. Pa kamlatho ka pamsewu wafumbi panakhala akuluakulu angapo, atandandalika ngati anthu odikira basi, pamsewu posadutsa basi. Anavala jombo. Chimene chinandiimitsa n'chakuti zovala zawo zinali zouma, zodzaza fumbi lotuwa, lofika mpaka m'nsidze. Nkhope sindinaziyang'anitsitse. Mmodzi anavala chisoti.

"Wawa, agogo," ndinatero, ndikudutsa cham'mbali.

"Zikomo, wamwala."

Palibe wamoyo amene ankadziwa dzina limenelo.

"Kapitawo watuluka?" anafunsa wachisotiyo.

"Kapitawo uti, agogo?"

"Ife tafika kalekale. Sitima siinyamuka anthu asanakwane." Anatsokomola, mnzake n'kumuyankha ndi chifuwa chake. "Manja athuwa salimbanso. Kumasula mfundo timatha, kumanga timatha. Kugwira ayi. Kugwira kumafuna wamoyo."

Mawuwo ndinkawadziwa, koma sindinafune kuwadziwa. Pamphuno panga panadutsa kafungo ka usipa wouma. Ndinayenda osacheuka mpaka kunyumba, ndipo kumbuyo sikunamveke phazi lililonse.

Lamulungu belu la tchalitchi silinalire. Woliza anapeza chingwe chake palibe, chitamasulidwa pamwamba penipeni pomwe munthu safika popanda makwerero. Atatuluka m'mapemphero, Dafuleni anabwera kwathu ndi gulu. Anagwetsa mphasa, anasuzumira m'nkhokwe, anafukula ngakhale phulusa la kukhitchini. AnaJere ankakuwa ali kunja kuti mwana wa mfiti ndi mfiti, abwerere kwawo kwa amake. Sanapeze kanthu. Pochoka wina analavulira pakhomo, munthu amene bambo anamulipirirapo chindapusa cha ng'ombe.

M'mawa mwake nditatsegula chitseko, chingwe chinali pakhonde. Zingwe zonse zija zitalumikizidwa kukhala chimodzi, cha mbuzi, cha chitsime, cha zovala, cha belu, ndi zina zimene sindinadziwe kuti zachokera kuti. Chinakulungidwa bwino ngati nkhata yaikulu. Mfundo zake sizinali za kuno. Zinali zija bambo ankamangira katundu panjinga, zimene ukamakoka ndi pamene zikulimba. Chinali chotuwa ndi fumbi. Kunsonga kwake kunalibe nsanza, ndipo ndinazindikira kuti imeneyo andisiyira ine. Ndinang'amba bulangete la bambo n'kukulunga.

Chinali cholemera moti ndekha ndinkachikoka movutikira. Tsiku limenelo ndinayenda khomo ndi khomo kufuna mwamuna mmodzi woti tikagwire naye. Wina anati msana. Wina anati mkazi wake ndi wodwala. Wina anandiona ndikubwera, n'kutuma mwana kudzanena kuti bambo achoka, ine ndikuona mapazi ake pansi pa chitseko. Mukudziwa chimene amamutchula munthu wopezeka kumanda usiku. Aliyense ankasunga dzina lake.

Dzuwa litalowa, Dafuleni anabwera yekha, wopanda jekete, akudutsa kuseri kwa nkhokwe. Maso ake anali ofiira. Anaona chingwe pakati pa nyumba, koma sananene za kuba.

"Asuweni," anatero. Anali asananditchule choncho chiyambire maliro. "Kodi iwe umagona?"

"Inu mumagona?"

Anakhala pa mpando wa bambo osapempha. "China chake chinayamba kugogoda pansi pa bedi. Mayi akunyumba sakumva. Dzulo ndili pagome ndikuwerenga mawu, chinali pansi pa mapazi anga. Ndinalumpha ndime yonse."

"Akukufunsani ngati mukuwamva."

"Usandiuze zimenezo."

"Tiyeni usiku uno. Simunena kanthu, simuthira ufa. Mungogwira kumbuyo kwanga."

Anapukusa mutu nthawi yaitali. "Ndili ndi udindo, Lakiyoni. Wina akandiona kumanda, ndathera pomwepo. Ana anga akayenda bwanji m'mudzi muno?"

"Malume anu aja."

"Chita zimene ukudziwazo," anatero akuimirira. "Koma ine kuno sindinabwere." Atafika pakhomo anacheuka. "Cha belucho udzabweze Lamulungu lisanafike."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo m'kamwa mumawawa.

Ndinapita ndekha, chingwe pamutu, kaufa m'thumba. Kumanda kwathu kuli mitengo ikuluikulu, ndipo usiku umenewo ngakhale kadzidzi sanalire. Mtumbira wa bambo unali utatitimira ndi mvula, nkhata zamaluwa zitaola. Kumutu kwake kunali una, waung'ono ngati wa mbewa, ndipo m'menemo munkatuluka mpweya wozizira wonunkha mwala wonyowa. Ndinathira ufa. Ndinapemphera pemphero la Ambuye, poti lina sindinkalidziwa. Kenako ndinalowetsa nsonga ya nsanza ija mu unawo.

Manda a munthu ndi akuya bwanji? Nonse mwakumbapo. Chingwe chinalowa cha mbuzi chonse, n'kulowa cha chitsime. Cha zovala chinatsatira. Sindinkakankha, chinkangotsetsereka m'manja mwanga ngati chikudziwa njira. Chitatsala cha belu chokha ndinachizunguliza m'chiuno, n'kuponda muzu wa mtengo ndi mapazi onse awiri. Ndinasuzumira mu unawo. Pansi penipeni, kutali ngati nyenyezi, kunali kakuwala kofiirira, kosagwedezeka.

"A Yotamu Kachigamba," ndinaitana. "Werukani."

Chingwe chinalimba.

Kunali kulemera kwa munthu, munthu wokwera pang'onopang'ono, dzanja ndi dzanja, akupuma panjira. Ndinatseka maso. Bambo anandiuzapo kuti wogwira chingwe sakoka ndipo sayang'ana, amangogwira. Kulemerako kunayandikira, kunayandikira, mpaka ndinamva kupuma pafupi ndi mawondo anga. China chozizira chinadutsa paphewa langa lamanzere, ndipo chingwe chinapepuka. Ndinadikira chifuwa chija. Ndinadikira zala ziwiri pakhosi. Panalibe.

Ndisanatsegule maso, chingwe chinalimbanso.

Wachiwiriyo anali wopepuka, ngati mnyamata. Wotsatira ankakwera ngati ali ndi mwendo umodzi. Wina ankanong'ona pemphero la Chisilamu, wina ankang'ung'udza kanyimbo ka Chitonga. Ndinasiya kuwerenga. Khonje anadya zikhatho zanga, magazi n'kumatsikira m'zigongono, ndipo aliyense akadutsa ndinkati uyu ndiye, koma sanali iwo. Tambala atalira chingwe chinakhala lende. Ndinasuzumira. Kakuwala kaja kanali pomwe paja, sikanasunthe n'komwe.

Ndinalira pamenepo, osati ndi chisoni, koma ndi ukali. Ndinakalipira dothi. Ndinati bambo, ndabwerera inu, anthu awa sindikuwadziwa.

Pobwerera, kukuyera, pa kamlatho paja panali anthu ambiri kuposa kale, atakhala mpaka m'mbali mwa msewu, onse otuwa, onse chete. Ndinayang'ana pansi n'kuima patsogolo pa jombo za wachisoti uja.

"Sanakwere," ndinatero.

"Sangakwere."

"Chifukwa chiyani? Ndalakwitsa mawu?"

"Sanakuuze za Nyali?" Anapumira m'mwamba. "Wanyali satsogola, mwanawe. Amaima pansi pa chingwe n'kumaunikira anzake. Amatuluka akaona kuti kumbuyo kwake kulibe munthu. Aja anatsekeredwa ndi simenti, aja anafera m'komboni opanda wowadziwa dzina, machona onse, anakhala mumdima osaona njira. Msuweni wakoyo anawaponyera nyali." Anachita ngati akuseka, koma chinali chifuwa. "Onetsa manja."

Ndinatambasula zikhatho.

"Nsanza unakumbuka?"

"Ndinakumbuka."

"Ndiye pita ukagone, wachingwe."

Ndinabwererako usiku wotsatira, ndi wotsatiranso. Lamulungu linafika, belu silinalire, ndipo Dafuleni anagula chingwe china ndi ndalama zake osauza munthu. Anthu anadziwa kumene ndinkapita. Anasiya kundipatsa moni. Ana ankathawa akandiona, ndipo munda wa bambo anaugawana chimanga chisanache, ati ndi wa mbumba. Sindinalimbane nawo. Masana ndinkagona, manja nditawakulunga m'masamba, usiku ndinkagwira. Mvula inatha, udzu unauma, kunayamba kuzizira. Masiku ena ankakwera ambiri, masiku ena mmodzi yekha, wochedwa, ngati wachokera kutali kwambiri m'njira za pansizo. M'miyezi yonseyo palibe wamoyo ndi mmodzi yemwe anabwera kudzaima kumbuyo kwanga. Kamodzi ndinapeza mbale ya mbatata pakhonde, yovundikira bwino. Mwini wake sanadzionetse, ndipo mbaleyo sanadzaitenge. Anaopa kuti ndingamudziwe.

Usiku womaliza kunali chisanu cha mwezi wa Juni. Ndinaponya chingwe, ndinaitana, ndipo nthawi yaitali sichinagwedezeke. Nditasuzumira, kakuwala kaja kanali kakuyendayenda, kupita uku, kubwerera, kupita uko, ngati munthu amene akuyang'ana m'zipinda asanatseke nyumba. Kenako kanaima. Kanayamba kukula.

Ndinatseka maso. Kulemera kwake kunali kochepa, ngati kwa mtolo wa mapesi. Ankakwera pang'ono n'kupuma, pang'ono n'kupuma. Pakati pa njira ndinamva chifuwa. Ndinachidziwa monga mmene mumadziwira kulira kwa chitseko cha kwanu. Ndinafuna kukoka, Mulungu akudziwa, ndinafuna kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Ndinangogwira.

Kuwala kunafika pazikope zanga, kofunda. Kupuma kunaima pambali panga, nthawi yaitali kuposa ena onse aja. Ndinali ndi zambiri zoti ndinene, za Dafuleni, za munda, za nyumba yopanda mawu. Kenako zala ziwiri zinandigunda pakhosi kumbuyo, mopepuka, ndipo chingwe chinagwera pamiyendo panga.

Nditatsegula maso kunali kukucha. Una uja unali utatsekeka. Pambali pa bondo langa panali kanyali kamkuwa, kodzaza thope, kozima. Nditakagwira kanali kotentha.

Pa kamlatho panalibe munthu. Panali fumbi lotuwa lokha pamiyala, ndipo mphepo inali itayamba kale kulichotsa.

Zingwe zimene ndinkadziwa eni ake ndinabweza, chilichonse pakhomo pa mwini wake. Cha belu ndinakachisiya pakhonde pa Dafuleni, chili ndi magazi anga. Akuti anachikwirira. Kugogoda kunatha, iye amagona bwino tsopano, ndipo chaka chatha anamusankhanso kukhala mkulu wa mpingo. Ine ndinatseka nyumba n'kubwera kuno kudzaumba njerwa.

Kanyali kali m'thumba ili, musaope, sikaluma. Palibe amene anandifunsa ngati ndikukafuna. Ndinagwirira bambo anga chingwe, ndinapeza ndakwera makwerero onse, ndipo kumbuyo kwanga kulibe wamwala, kulibe wachingwe. Tsiku langa likadzafika ndidzatsika nako, ndipo ndikudziwa kuti pansipo padzakhala patadzazanso, chifukwa anthu sanasiye kufera kutali. Ndidzaunikira. Zimenezo sizindiopsa.

Chingwe ichi ndi changa. Chatsala pang'ono kutha, nsanza ndakulunga kale, onani. Sichifuna wophunzira kapena wolimba mtima. Chimangofuna munthu woti akhale pansi n'kugwira, osakoka, osayang'ana. Ndafunsa pa uvuni uliwonse umene ndawotchapo, ndipo paliponse zimakhala ngati pano. Wina wayamba kusinza, wina wakumbukira kuti nkhuni zatha mbali inayo.

Pitani, kasonkhezeni. Moto wa mbali ino ndiuyang'anira ndine.